Jakisoni Woyera Ngati Mkaka

Chaka chimene ndinadwala mtima, amayi anasiya kundikalipira. Wina angaone ngati unali mwayi, koma ine zinkandiwawa kuposa matenda enieniwo. Kwathu kwa Mponda, mwana wosakalipiridwa ankakhala mlendo kapena wodwala, ndipo ine sindinkafuna kukhala mmodzi mwa awiriwa. Ndisanadwale, dzina langa linkamveka mpaka kutsidya kwa msewu kukangocha. Mwina ndasiya ndowa padzuwa, mwina ndapsereza ndiwo, mwina ndayankha akuluakulu ndili chiimire. Nditadwala, amayi anayamba kundilankhula motsitsa mawu ngati ndine mpongozi wawo.

Zinayamba ndi zilonda zapakhosi, zija mwana aliyense kusukulu kwathu ankadwala n'kuchira. Kumeza malovu kunali ngati kumeza minga ya chambo. Thupi linatentha, ndipo pansi pa chibwano panatuluka anabere awiri. Amayi ankawotcha mthiko pamoto n'kumandisindikiza nawo pa anaberewo m'mawa uliwonse, monga ankachitira amayi ena onse m'mudzimo. Anandimwetsanso madzi a mandimu otentha. Patapita masiku ochepa ndinachira, n'kubwerera kusukulu m'mawa ndi ku madrasa masana. Tonse tinayamikira mthiko.

Mwezi usanathe, bondo langa lakumanzere linatupa n'kumatentha. Sindinkafuna ngakhale chitenje chilikhudze. Mmene amayi ankati alithowe, ululu unali utasamukira ku kakolo wa mwendo winawo. Kenako unakwera ku chigongono. Azakhali atabwera kudzandiona anagwedeza mutu n'kunena kuti matenda oyendayenda chonchi si a kuchipatala, alipo munthu amene akuwatuma. Ababa ankagula usipa wouma n'kumakagulitsa ku Chowe pa njinga, ndiye tsiku limenelo anangotsitsa dengu, n'kuyala thumba pa kaliyala, n'kundikwezapo. Ndinafika kuchipatala cha pa boma ndikununkha usipa thupi lonse.

Amene anationa anali bambo wamtali wa kumpoto, wolankhula Chichewa chokoka mawu. Tinkangowatchula kuti adokotala. Anandigwira mawondo, kenako anaika choyezera chawo pachifuwa panga n'kumvetsera nthawi yaitali, maso ali kudenga.

"Mwanayu anadwalapo kukhosi masiku apitawa?" anafunsa ababa.

"Anadwala, koma anachira. Ife tabwerera mawondowa."

"Mawondowa achokera kukhosi komweko."

Ababa anayang'ana khosi langa, n'kuyang'ana bondo, ngati akuyeza kutalika kwa ulendowo. Adokotala anaseka, n'kukokera mpando pafupi. Anafotokoza kuti m'thupi mwa munthu muli asilikali amene ntchito yawo ndi kumenyana ndi tizilombo. Kachilombo kakalowa kukhosi, asilikaliwo amasonkhana, ndipo anabere aja anali malo awo osonkhanirana. Kutentha thupi kuja inali nkhondo imene. Asilikali anga anapambana ndithu, anatero. Vuto linali loti kachilombo ka mtundu umenewu kamavala chovala chofanana ndi mnofu wa munthu, wa m'mawondo ndi wa tizitseko ta mumtima. Mwa ana ambiri asilikali amazindikira kusiyana kwake n'kukapuma. Mwa ana ena ochepa, kachilombo kakatha, iwo amapitiriza kumenya chilichonse chovala motero.

"Ndiye amene akundipwetekawa ndi anga omwe?" ndinafunsa.

"Ako omwe. Ndi olimba mtima, koma sachedwa kupsa mtima, ndipo safunsa."

"Atengera mwini wake," anatero ababa.

Ndinakwiya, komanso pansi pa mtima ndinanyadira. Kunyumba, ababa akufotokozera amayi, anawonjezera zawo. Anati asilikali a mwanayu ali ngati anyamata aja a pachipata cha msika, ofunsa khadi la chipani ngakhale mayi wawo wowabereka. Amayi anayang'ana kumpanda msangamsanga n'kuwatsina pamkono. "Tsitsani mawu, inu. Mukufuna mutisiye ndi ndani?" Ababa anatseka pakamwa, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi phwete.

Mawondo anachira, monga ananenera adokotala. Nkhani inatsala pa mtima. Anati kachitseko kamodzi kakhudzidwa pang'ono, ndipo kakhoza kupola ngati ndigona osagwira ntchito. Koma kachilombo kaja kakadzabweranso kukhosi, asilikali adzadzuka ndi ukali woposa poyamba, n'kukamenyanso pomwepo. Njira yake inali imodzi: jakisoni mwezi ndi mwezi, osadumphitsa, mpaka ndidzakule. Mankhwalawo ankapha kachilomboko kasanadzutse aliyense.

Ndinagona miyezi. Mwezi wa Ramazani wa chaka chimenecho unandipeza pamphasa, ndikumeza mapilitsi masana dzuwa likuswa mtengo, anzanga onse akusala kudya. Msuweni wanga, mwana wa azakhali aja, yemwe tinabadwa chaka chimodzi, anamanga, kutanthauza kusala kudya, mwezi wonse koyamba. Ankabwera kudzandizonda milomo itauma, n'kumatuluka panja pafupipafupi kukalavula, pakuti kwathu tinkakhulupirira kuti ngakhale malovu ukawameza wamasula, kusala kwako kwaonongeka. Ankalavula mokweza dala kuti ndimve. Pa Idi amayi a m'mudzi anamuyamikira kuti wakula. Ine anandisisita m'mutu n'kunena kuti, "Pepa, wodwala."

Mawu amenewo anandimatirira. Nditadzuka n'kubwerera kusukulu, ndinali wodwala ndithu. Ndikagwira ndowa kuti ndipite ku Shire ndi anzanga, amayi ankandilanda mwakachetechete. Ndikagwira munsi, ankati, "Siya, mama, ndisinja ndekha." Tsiku lina ndinaswa dala mbale yadothi kuti ndione. Amayi anatola zidutswazo n'kundifunsa ngati sindinadzicheke. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira ndi ukali.

Jakisoniyo ankandibaya ndi anesi, mayi wonenepa wa ku Dedza, wokonda kuimba nyimbo za kutchalitchi kwawo akugwira ntchito. Mankhwala ake ankabwera ngati ufa m'kabotolo. Ankathiramo madzi, n'kukhutchumula mpaka asanduke oyera, olemera, enieni ngati mkaka wa m'chitini. Singano yake inali yaikulu kuti mankhwalawo athe kudutsa. Ankabaya pathako, pang'onopang'ono, ndipo mwendo wonse unkachita dzanzi mpaka kuchala. Ine ndinkaluma chitenje osatulutsa mawu, chifukwa sindinkafuna anthu a pabenchi panja adziwe kuti wodwala uja akulira. Pobwerera ndinkakhalira mbali imodzi pa njinga. Amayi anandiperekeza kamodzi kokha. Anaona mankhwala oyerawo akulowa, anatembenuka kuyang'ana khoma, ndipo kuyambira pamenepo ankangotuma ababa.

Ramazani wotsatira atayandikira, ndinafunsa adokotala ndekha, ababa asanatsegule pakamwa. Anamvetsera mtima wanga nthawi yaitali monga mwa masiku onse, n'kunena kuti phokoso limene ankalimva mumtimamo lachepa kwambiri, mapilitsi ndinasiya kale, ndikhoza kusala kudya. Ukamva chizungulire umasule, anatero, ndipo jakisoni yekha usadumphitse. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuvina. Ndinali nditatsimikiza kuti mwezi umenewu ndimanga wonse, osaphonya ngakhale tsiku limodzi, kuti pa Idi asandisisitenso m'mutu.

Masiku oyamba anayenda bwino. Kutentha kwa ku Mangochi mukukudziwa, masana ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Lilime linkauma ngati chikopa, koma ndinkalavula mokweza kuposa msuweni wanga. Kenako tsiku la jakisoni linayandikira, pakati penipeni pa mwezi, ndipo kuchipatala ankabaya m'mawa mokha.

"Mawa lija usamange," anatero amayi tikusenda mbatata za futali. "Udzabweza mwezi ukatha."

"Chifukwa chiyani?"

"Jakisoni uja amamasula."

"Sindimwa ayi, amandibaya."

"Ndinaona ndi maso angawa, mama. Ndi mkaka weniweni. Malovu okha timalavula, ndiye mkaka wodzaza jakisoni ulowe m'thupi, iwe n'kumati wamanga?"

Ndinaponya mpeni pansi. Tsiku lobweza silifanana ndi tsiku la m'mwezi. Umamanga wekha, ena onse akudya, ndipo aliyense amadziwa kuti unaphonya. Msuweni wanga akanadziwa dzuwa lisanalowe.

"Ndiye sindikabayitsa. Ndidzapita Idi ikadutsa."

"Ndipo kukhosi kukayamba?"

"Kuyambe."

Ndinayembekezera kuti tsopano andikalipira. Mwana kuyankha mayi ake chonchija, kale bwenzi mthiko utandipeza pamsana. Koma amayi anangoika mbatata m'madzi, n'kupukuta maso ndi nsonga ya mpango wawo. Ndinamva chisoni, komanso ndinapsa mtima kwambiri, ndipo sindinasinthe maganizo. Ababa anali atakhala pakhonde akumanga dengu. Anamva zonse. Anati nkhaniyi si ya iwo, si ya amayi, si ya adokotala, ndipo anavala chipewa chawo n'kunditenga kupita kwa ashehe.

Ashehe athu anali nkhalamba yochepa thupi, ya ndevu zoyera, yoyenda ndi ambulera dzuwa kapena mvula. Tinawapeza pakhonde pawo. Ababa anapereka salamu n'kufotokoza mwaulemu, ine nditagwada chapatali. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mdzukulu, chimene chimamasula ndi cholowa pakhomo lotseguka la thupi n'kukafika m'mimba. Zimenezo ndikuzidziwa. Koma amayi ako akuti ndi mkaka, ndipo amayi ako si munthu wabodza. Ine chibadwire sindinabayidwepo jakisoni, sindinamuonepo n'pafupi pomwe. Ndigamula bwanji chinthu chimene sindinachione?"

Ndinaganiza kuti basi, ndaluza.

"Mawa umange," anapitiriza. "Ndipita nanu, ndikaone ndekha mkakawo."

M'mawa mwake tinauyamba ulendo atatu. Ababa ankakankha njinga, pakuti sakanakwera ashehe akuyenda pansi, ndipo ine ndinakana kukwera ndekha. Ashehe anavala mkanjo wawo woyera, ambulera ili m'mwamba. Njira yonse anthu ankaima kupereka salamu ndi kufunsa ngati akudwala. Iwo ankayankha kuti ayi, akukaona mkaka. Mmene tinkafika kuchipatala, nkhaniyo inali itatitsogolera kale, ndipo anthu a pabenchi anasendera kuti awapatse malo.

Anesi atamva chimene tabwerera, anaseka mpaka kugwira chitseko, kenako anadzigwira n'kupepesa. Anatulutsa kabotolo kaja, anathiramo madzi, anakhutchumula pamaso pa ashehe. Iwo anakatenga, n'kukayang'ana padzuwa, n'kukanunkhiza.

"Amayi ako sananame," anatero kwa ine. "Kuyera kwake ndi kwa mkaka."

Adokotala anali atatuluka kudzaona chimene chikuchitika. Ashehe anawafunsa kuti mankhwalawa akalowa amapita kuti. Adokotala anayankha kuti amakhala mumnofu momwemo, n'kumasungunuka pang'onopang'ono mwezi wonse kulowa m'magazi. M'mimba safikamo. Anafotokozanso za asilikali aja, kuti cholinga chake n'choti kachilombo kafe iwo asanadzuke.

"Kodi si bwino kungowauza asilikaliwo kuti mtimawu ndi wakwawo?"

"Tikanadziwa chilankhulo chawo, bwenzi titawauza kale, ashehe."

"Nanga njala amathetsa mankhwalawa? Ludzu?"

"Zimenezo afunseni eni ake."

Pamenepo anesi anatulutsa jakisoni n'kulumikiza singano. Ashehe anaiyang'ana. Anabwerera m'mbuyo mpaka miyendo yawo inagunda benchi, n'kukhala pansi osayang'ana kumene akukhala.

"Yonseyo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Yonseyi," anatero anesi.

"Mwezi uliwonse?"

"Mwezi uliwonse."

Anandiyang'ana mwa mtundu wina, mmene munthu wamkulu anali asanandiyang'anepo chidwalire changa. Munalibe chisoni m'maso mwawo. Anangoti, "Lowa, mdzukulu. Ine ndimvera panja pano."

Tinalowa ndi anesi, chitseko n'kutsekedwa. Ndinagona chafufumimba pabedi paja, ndipo dzanja langa linapita lokha ku chitenje kuti ndilume monga mwa nthawi zonse. Ndiye ndinaganiza kuti munthu wayenda ulendo wonsewu kudzafuna umboni, ndimubisirenji? Ndinasiya chitenjecho. Singano italowa ndinakuwa kukuwa kwa miyezi yonse imene ndinakhala chete. Ndinaitana amayi, ndinaitana ababa, ndinaitana ngakhale azakhali. Anesi anasiya nyimbo yawo pakati, n'kundifunsa kuti lero kwagwanji. Ndinawauza kuti apitirize, ndikupereka umboni.

Ndinatuluka ndikutsimphina. Ashehe anali atagwira ndevu zawo.

"Wakhuta?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ludzu latha?"

"Lawonjezeka."

"Ukufuna akuwonjezere wina?"

"Ayi, ashehe."

Anatembenukira kwa ababa. "Ine ndakalamba ndikudya ndi anthu, pa maukwati, pa sadaka, pa Idi. Sindinamvepo munthu akudya n'kumalira chonchija. Chimenechi si chakudya. Sichinalowe pakamwa, sichinafike m'mimba. Mwanayu sanamasule, swaumu yake ili bwinobwino. Mukawauze amayi ake kuti ndanena ndine, komanso kuti za kuyera kuja sanalakwitse."

Anthu a pabenchi anaseka, Asilamu ndi Akhristu omwe. Mayi wina amene sindinkamudziwa analuluta pang'ono, anesi n'kumuletsa kuti kuno n'kuchipatala. Pobwerera ndinavomera kukwera njinga, nditakhalira mbali imodzi, ababa akukankha. Ashehe ankayenda pambali panga, ndipo ambulera yawo inali pamutu panga, osati pawo. Sindinamvepo kukoma ngati tsiku limenelo, ngakhale thako linali moto.

Amayi anamvetsera chigamulocho mpaka kumapeto. "Poti anena ndi ashehe," anatero, n'kubwerera kukhitchini. Madzulo pomasula anandiikira futali wambiri kuposa wa aliyense, n'kundifunsa motsitsa mawu muja ngati sindikumva chizungulire. Ndinaona kuti mlandu ndawina, koma kwa amayi ndinali wodwala yemwe uja. Zinandiwawa.

Masiku otsalawo amayi ankandiyang'anitsitsa. Ndikadzuka m'bandakucha kudya dakwi, maso awo ali pa ine. Ndikabwera kusukulu masana, ankayang'ana milomo yanga ndi kayendedwe kanga. Ankadikira tsiku limene ndigwe. Sindinagwe. Kukhosi kunali zii, mawondo ali bwino, asilikali anga ali m'tulo. Msuweni wanga ndi amene anadwala malungo chakumapeto n'kumasula masiku angapo. Ndinapita kukamuzonda, ndipo ndinayesetsa ndithu kulavula mwakachetechete.

Mwezi unaoneka, ng'oma zinalira, ndipo m'mawa wa Idi tinapita kokapemphera titavala zatsopano. Amayi a m'mudzi anandipatsa moni wa m'manja ngati munthu wamkulu. Nkhani ya kukuwa kwanga inali itafika paliponse, moti ena ankandifunsa ngati ndabwera nawo mkaka uja. Palibe amene anandisisita m'mutu.

Titabwerera kunyumba, pakhomo panali piringupiringu. Mpunga unali pamoto, nyama ya mbuzi ikuwira, alendo akulowa ndi kutuluka, ana a azakhali akuthamangitsana pakati pa miphika. Ine ndinapita kukakhala pamthunzi wa mango, pamalo panga pa chaka chonsecho, manja ali pamiyendo, kudikira kuti andibweretsere mbale. Ndinali nditazolowera.

Amayi anatuluka m'khitchini thukuta lili kamukamu, atanyamula beseni lalikulu la mpunga ndi nyama, lovindikira ndi nsalu. Anayang'ana uku ndi uku kufuna womutuma. Maso awo anafika pa ine n'kuima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe!" Mawuwo anamveka mpaka kutsidya kwa msewu. "Wakhala pamenepo ngati mkwatibwi, ukudikira ndani? Anthu tikupsa ndi moto kuno, iwe manja lende. Mtsikana wamkulu, womanga mwezi wonse, ulesi wakewo anakupatsa ndani? Dzuka, senza beseni ili ukapereke kwa anesi ako aja. Ukatayeko msuzi panjira, udzandiona."

Ndinadzuka. Anandisenzetsa besenilo pamutu, lolemera, lotentha, ndipo manja awo anachedwa pang'ono kulisiya. Kenako analisiya.

"Ukuseka chiyani? Ndanena zoseketsa?"

"Ayi, amayi."

"Nanga misoziyo?"

"Ndi utsi."

"Choka apa, mpunga ukuzizira."

Ndinatuluka pachipata beseni lili pamutu, khosi lili chilili, ndipo ankandikalipirabe mpaka ndinakhota pa mlambe.